Mkono Wolukira

Lolemba, 6 Meyi

Andigoneka. Bedi langa lili pakhomo penipeni, ndiye aliyense wolowa muwodi muno amayamba wapatsidwa moni ndi mpala wanga. Ndikulemba kuti nthawi izipita, komanso kuti mawa wina asadzanditembenukire n'kumati sananene zakutizakuti. Anthu a m'chipatala amalankhula ngati basi ikuwasiya.

Za matenda: khansa ya bere lamanja. Mankhwala a m'diripi ndinamaliza mwezi watha. Chotupa chinachepa koma sichinathe, ndipo timibulu ta m'khwapa, tija timatupa munthu akakhala ndi mwanabere, tina tinapezeka ndi matenda. Ndiye achotsa bere, achotsanso timibuluto. Opaleshoni ndi Lachisanu. Andigoneka msanga chifukwa magazi achepa, akufuna ayambe andiwonjezera.

Ine ntchito yanga ndi yoluka tsitsi. Mng'ono wanga, amene timagwirira limodzi ku saluni, akuti dziko lili ndi chipongwe, woluka mitu ya anthu onse ndiye watsala wopanda ngakhale kamodzi koti agwire. Ndinaseka, koma ndamusungira.

Bere ndinalilira kale ndipo ndinamaliza. Linayamwitsa, ntchito yake linagwira. Chomwe chikundisowetsa mtendere ndi mkono. Ku kiliniki nesi wina anangotchula modutsa kuti ena mkono umatupa pambuyo pa opaleshoni imeneyi, atatero n'kuitana wotsatira. Kwa ine mkono wake ndi wamanja. Kuluka si zala zokha, mkono umakhala m'mwamba kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ukukoka, ukupota. Ukangolemera, ine ntchito yatha, ndipo ndilibe ina yomwe ndimaidziwa.

Pa bedi loyandikana nane pali mayi wa bala la pamwendo, wakhalitsa muno. Anesi amawatcha a Wailesi ndipo eniake amavomera. Ndisanayale ngakhale nsalu anali atandiuza kale nesi wa dzanja lolemera, chimbudzi chomwe chitseko chake chimatsekeka, ndi madokotala awiri omwe salankhulana. Moyang'anizana nane kuli mayi wachikulire wogona chotembenukira kukhoma, wafunda mpaka m'khosi. Akuti anali aphunzitsi.

Lachiwiri, 7 Meyi

Magazi andiika paketi imodzi. Mutu wasiya kuzungulira.

M'mawa kunabwera mayi wa zolimbitsa thupi ndi tepi ngati ya telala. Anandiyeza mikono yonse iwiri kuyambira padzanja mpaka paphewa, akuika timadontho ndi cholembera. Ndinamufunsa ngati akundisokera diresi. Anati akufuna adziwe kukula kwake lero kuti adzakhale ndi poyerekezera. Munthu sayezeratu chinthu chomwe sakuyembekeza kuti chisintha, ndiye tepiyo sinandisangalatse.

Kenako kunabwera adokotala ondichita opaleshoni, mayi wamfupi wa magalasi, manja aang'ono ngati a mwana wasukulu, kumbuyo kwawo kuli gulu la ophunzira. Ndilemba mmene ananenera. Akuti m'thupi, kupatula mitsempha ya magazi, muli tinjira tina topyapyala ngati ulusi tomwe timatenga madzi a mumkono kupita nawo m'khwapa, kudutsa pa timibulu tija. Pochotsa timibuluto, tinjira timadukira limodzi, madzi n'kusowa kolowera, mkono n'kutupa. Si onse amatupa, koma alipo ndithu, makamaka amene pambuyo pake amakawotchedwa ndi makina, ngati mmene adzachitire ndi ine. Ukatupa umavuta kuphwa.

Akufuna kuchita zinthu ziwiri. Choyamba, ndikagona andibaya utoto wabuluu mkati mwa mkono, cham'mwamba. Utotowo umayenda m'tinjira tija, timaoneka, ndiye amatha kutilambalala podula. Chachiwiri n'cha tinjira tomwe sangatilambalale chifukwa talowa m'kambulu kodwala. M'malo mongotimanga n'kutisiya, kumabwera dokotala wina ndi maikulosikopu, n'kutisokerera ku kamtsempha ka magazi kapafupi, kuti madzi apeze kotulukira. Akuti zimawonjezera nthawi yosakwana ola. Akuti sizitanthauza kuti mkono sungatupe, zimangochepetsa mpata. Akutinso njirayi ndi yatsopano pachipatala pano, onse amene achitidwa akuwatsatira kuti aone mikono ikuyenda bwanji, ndipo ndili ndi ufulu wokana.

Atatchula kuti yatsopano, wophunzira wina analemba. Atatchula zotsatira anthu, onse anagwedeza mitu. Ndinafunsa kuti achita anthu angati, anati sanachuluke. Ndinafunsa ngati iwo atadwala angalole, anati inde ndisanamalize n'komwe funso. Kuyankha kofulumira kotero ndimakudziwa. Ndi mmene ndimayankhira kasitomala akandifunsa ngati meshi ndi yeniyeni.

Atangotuluka, a Wailesi anakokera mutu kwa ine.

"Akuphunzirira pa inu, mayi. Makinawo abwera chaka chomwe chino, ndipo wowagwiritsayo wangobwera kumene kusukulu. Akusaka mikono yoyesera."

Ine ndinali nditaganiza kale zomwezo.

Lachitatu, 8 Meyi

Lero ndauona mkono wa aphunzitsi. Anesi ankawamasula bandeji, katani sanatseke bwino. Kuyambira paphewa mpaka kuzala ndi waukulu ngati ntchafu, wofiira, khungu lake lonyezimira. Kuti auike papilo anachita kuunyamula ndi dzanja linalo. Ndinayang'ana kumbali, kenako ndinayang'ananso.

Anandiona ndikuwasuzumira, sanakwiye. Anandiuza kuti anawachotsa bere zaka zapitazo, khansa sinabwererenso, koma mkono unayamba kulemera pang'onopang'ono mpaka choko chinawakanika kufikitsa pabolodi, n'kusiya ntchito nthawi isanakwane. Pano agonekedwa chifukwa anadzicheka pang'ono posenda anyezi, kabalako n'kuyambitsa moto mkono wonse. Amalankhula motsitsa, mopanda kudandaula, ndipo zimenezo ndi zomwe zinandiopsa kwambiri.

Masana onse ndakhala ndikuganiza. Kumapeto kwa wodi kuli mabedi opanda anthu. Mwa mabedi onsewa, bwanji anandigoneka maso ndi maso ndi mkono umenewu, sabata yomwe akufuna ndivomere zolumikizazo? Ndinafunsa nesi wogawa mankhwala, anati bedi ndi bedi, mayi. Anayankha osandiyang'ana, akuwerenga mapiritsi.

Abambo a kunyumba anabwera ndi mpunga wa nkhuku ndi malalanje. Nkhuku anaphika okha, ndipo mchere anathira ngati akukwiyira munthu. Iwo ndi makaniko. Ndinawafotokozera zonse, akumvetsera uku akupukuta manja pathalauza ngakhale analibe girisi.

"Madzi ali ndi paipi yake, mafuta ali ndi paipi yake," anatero. "Galimoto ikabwera kwa ine wina atalumikiza ziwirizi, ndimadziwiratu kuti inadutsa kwa wophunzira."

Anafunsanso kuti nanga magazi akabwerera n'kudzaza mkono, nanga khansayo ikapeza khomo lomwe amutsegulira n'kulowa m'magazi. Funso lachiwirilo landikhala pamtima. Utoto anati palibe vuto, poti kuunika si kukonza. A Wailesi anawayamikira kuti ndi bambo woganiza, n'kulandira ntchafu ya nkhuku yanga.

Lachinayi, 9 Meyi

Magazi akwera, bipi ili bwino. Mawa zichitika. Kudya ndisiya madzulo ano.

Adokotala anabwera okha, opanda gulu lawo, pa nthawi yoona odwala. Abambo analipo, mng'ono wanga analipo, ndipo a Wailesi anali atasiya kutafuna kuti amve bwino. Adokotala anandifunsa ngati ndikufuna tikakambirane kuchipinda china. Ndinati ndilibe chobisa. Pano ndikuona kuti ndinayankha monyada, koma ndi mmene ndinayankhira.

Mafunso a abambo ndinawafunsa. Za magazi obwerera anati amasankha kamtsempha kokhala ndi kotsekera kake kachibadwa, kolola madzi kupita mbali imodzi. Za khansa anati tinjira tomwe amalumikizato ndi tochokera kumkono, osati kubere, ndipo mpaka pano palibe chasonyeza kuti matenda amafalikira pamenepo. Abambo atamva mawu akuti mpaka pano anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana pansi.

Ndinati utoto abaye, koma zolumikiza ayi.

Adokotala anavula magalasi. Sanayang'ane abambo, anayang'ana ine.

"Mayi, mkono ndi wanu, ndipo mwandiuza kuti ndi umene mumagwirira ntchito. Ndikufunsa inuyo."

"Ndati ayi, adokotala."

Anati chabwino. Anati ndikasintha maganizo ndiuze nesi aliyense, ngakhale ndili kale pakhomo la fiyeta. Ndinasayina za bere, za m'khwapa ndi za utoto, iwo n'kumapita. Osanyengerera, osaopseza, osandilozera ngakhale bedi la patsogolo pangali. Ndinakhumudwa. Munthu wofunadi kukuthandiza amalimbikira pang'ono.

Alendo apita, ndiye ndilembe zoona poti pano palibe akuwerenga. Mtima wanga suli kumene pakamwa panapita. Ndikayang'ana mkono wa aphunzitsi ndimafuna andilumikize ngakhale ndi waya. Chomwe chandikhazika mtima pansi n'chakuti ndikudziwa mmene ife a ntchito zamanja timachitira. Kasitomala akakhala pampando wanga n'kunena kuti kumbuyoko musawonjezere meshi, ine ndimati chabwino mayi. Ndikafika kumbuyoko n'kupeza tsitsi linathothoka, ndimawonjezera, chifukwa woona ndine, iye kumbuyo kwa mutu wake sakuonako. Amadzuka akudzitama kuti tsitsi lake lachuluka. Telala amatero. Abambo kugalaja amatero, mwini galimoto akati musakhudze mabuleki iwo amakhudza akaona kuti atha. Ndiye dokotala, wodwala ali gone ngati chipika, makina awakokera kale pafupi, mnzake wasamba kale m'manja, angasiye chifukwa woluka tsitsi anati ayi? Achita basi. Kuvomera mosavuta kuja n'chifukwa akudziwa kuti mawu anga sawatchinga.

Ndiye ndili pabwino mbali zonse. Chikakhala chabwino, mkono wanga upindula. Chikavuta, ine ndinakana, mboni zilipo, ndipo abambo sadzandiloza chala.

Lachisanu, 10 Meyi

Andiveka chovala chotseguka kumsana. Ludzu. Adokotala adutsa, andigwira phazi n'kufunsa ngati pali chomwe chasintha. Nesi anali pomwepo ndi fayilo. Ndaona kuti akufunsira mboni, ndati palibe.

Aphunzitsi andikwezera dzanja lawo labwinolo. Machira afika.

Loweruka, 11 Meyi

Ndili moyo. Pachifuwa pali bandeji, pansi pake palibe kanthu. Kachubu katuluka m'mbali, kakukhetsera madzi ofiirira m'botolo. Ndasanza kawiri. Ndikulemba ndi lamanzere.

Lamulungu, 12 Meyi

Ululu wachepa. Ndamwa tiyi, ndadya buledi.

Nditapita kukataya madzi ndinatsala pang'ono kukuwa, mkodzo unali wobiriwira. Anesi anati ndi utoto ukutuluka, akuti anandiuza kale Lachinayi. Mwina anandiuzadi. A Wailesi akuti msuweni wa mlamu wawo anayamba choncho mpaka anabiriwira maso. Mkati mwa mkono muli chibanga chabuluu, akuti chitenga nthawi kuti chithe. Pamwamba pa bedi amata pepala loti mkono wamanja asayezepo bipi, asabayepo jakisoni.

Zala zonse zikuyenda. Ndaziyesa ndi ulusi wa bulangete, ndaluka katatu.

Ndinamufunsa mng'ono wanga, abambo atatuluka kukagula madzi, kuti ndinakhalitsa bwanji ku fiyeta. Anati ndinakhalitsa moti abambo anakafunsa kawiri pawindo. Ndinamufunsa anaona ndani akulowa. Anati anthu ambiri, koma panali dokotala wina wamtali, wovala zobiriwira, amene wokankha machira anamuuza kuti ndi wa maikulosikopu. Anamuona akulowa khomo lomwe ndinalowera ine.

Ndinatseka maso kuti asaone kuti ndasangalala. Nkhope ndinaikwinya n'kunena kuti anthu awa alibe manyazi. Mng'ono wanga anapsa mtima m'malo mwanga, ndinachita kumuletsa kuti asakafunse.

Lolemba, 13 Meyi

Madzi a m'botolo achepa, ayamba kuyera. Mayi wa tepi uja anandiimika kukhoma kuti ndizikweza zala pang'onopang'ono, osapitirira phewa mpaka kachubu katachoka. M'khwapa mukukoka, ndipo kuseri kwa mkono kwachita dzanzi, akuti ndi mmene zimakhalira.

Adokotala anga sanabwere, akuti ali ku fiyeta tsiku lonse. Anazungulira ndi dokotala wina wamng'ono. Ndinamufunsa zomwe anandichita m'khwapa. Anatsegula fayilo, anawerenga, anaitseka, n'kunena kuti ndi bwino adzandifotokozere okha amene anachita opaleshoni. Khutu lake analikanda. Munthu akakanda khutu choncho ndiye kuti pali nkhani.

Mng'ono wanga pakamwa sipasunga, abambo amva za dokotala wamtali uja. Lero anafika atamanga nkhope. Akuti zikapezeka kuti anandilumikiza, akaonana ndi akuluakulu a chipatala, sangachite kusewera ndi mkazi wa mwini. A Wailesi anawapatsa kale njira yofikira ku ofesiyo ndi khomo lomwe mlonda wake savuta. Ine ndinati tiyambe tamva. Mumtima ndikukonza zodzawauza adokotala kuti akane basi pamaso pa abambo, nkhaniyi ithere pakati pa ife awiri. Ndikufunanso kudzawaluka ulere tsitsi lawo lija, poti amene amawaluka amawakoka kwambiri kutsogolo.

Ndadya bwino lero. Nthochi ziwiri, supu, ndi mpunga wa a Wailesi womwe anati wawakwana.

Lachiwiri, 14 Meyi

Adokotala abwera m'mawa, alendo asanayambe kulowa. Anayang'ana bala, anati lili bwino. Timibulu tomwe anachotsa tapita kokayezedwa, zotsatira ndidzamva ku kiliniki. Ndinawapempha atseke katani, n'kutsitsa mawu.

"Adokotala, pano tili awiri. Sindikauza munthu. Munalumikiza eti?"

"Ayi, mayi. Munakana."

Ndinaseka. Ndinati zoti ndinakana ndikuzidziwa, ine ndikufunsa zomwe iwo anachita. Anati anachita zomwe tinagwirizana. Anakoka mpando n'kukhala pansi.

Akuti utoto unagwira bwino, tinjira ta mkono tinaoneka titatu. Kamodzi kanadutsa pambali, ndipo kukapatula osakadula ndi komwe kunawadyera nthawi, n'chifukwa chake ndinakhalitsa. Kameneko kalipo, kakugwira ntchito. Tiwiri tokulirapo tinalowa m'kambulu kolimba komwe sakanakasiya. Anatidula, anatimanga, anatseka.

Ndinati nanga dokotala wamtali uja, mng'ono wanga anamuona ndi maso ake.

"Anabweradi. Ndinamupempha akhale pafupi mwina musintha maganizo musanagone. Mutagona ndinamuuza azipita."

Ndinafunsa ngati zikanatheka. Anayamba kupukuta magalasi. Ndinafunsanso, ndinati asandibisire. Anati kamtsempha koyenera kanali pomwepo, zikanatheka.

Apa ndiye ndinaiwala zotsitsa mawu.

"Ndiye inu munali ndi maso, munaona kuti n'zotheka, munaona kuti n'zabwino. Bwanji simunangochita? Ine ndikanadziwa bwanji?"

"Simukanadziwa, mayi. Koma munthu akagona pathebulo langa, chomwe watsala nacho ndi mawu omwe wandisiyira. Anu anali ayi."

Ndinafuna kuwauza kuti ayi wanga sanali wotero, koma ndinasowa poyambira. Ndikanati chiyani, kuti ndinakana ndikudalira kuti ndi achinyengo? Ndinangofunsa ngati angatsegulenso n'kulumikiza pano. Anati ayi, tinjirato tamangidwa, malowo ayamba kale kupola, kutsegulanso kungawononge ndi kamodzi katsalako. Akuti mkono ukadzaonetsa zizindikiro pali opaleshoni ina yolumikiza cham'munsi, yomwe imathandiza ena akafulumira, koma si yofanana ndi yomwe ndinaisiya. Akuti ambiri satupa n'komwe, ndipo ine ndikhoza kukhala mmodzi wa iwo. Ndizibwera kudzayezedwa, ndizisamala khungu, ntchito ndidzayambe pang'onopang'ono, ndizipumira. Ndinafunsa kuti ndidzadziwa liti kuti ndapulumuka. Anati tsiku lotero palibe, zimatha kuyamba patapita miyezi kapena zaka.

Atatsegula katani, wodi yonse inali zii. A Wailesi ankakonza pilo wawo mwakhama kwambiri.

Lachitatu, 15 Meyi

Sindinadye.

Abambo asangalala. Akuti munthu ukalimba amakulemekeza, madokotalawo aona kuti pano si pamasewera. Anabwera ndi yogati. Ndikufuna kuwakwiyira koma sizikugwira, poti adokotala anavula magalasi n'kufunsa ine, osati iwo.

Masana kunandibwerera kamphamvu. Ndinaganiza kuti mwina adokotala andinamiza. Mwina anamva kuti abambo akufuna kupita kwa akuluakulu, ndiye akudziteteza. Ndani angavomere pawodi, katani ndi nsalu chabe, a Wailesi ali pafupi? Ndinawafunsa a Wailesiwo maganizo awo. Anati madokotala onse ndi abodza, anakulumikizani amenewo, musawamvere. Chibwerere muno sindinafunepo kuti mayi ameneyu akhale wolondola ngati lero.

Ndakhala ndikusisita m'khwapa pamwamba pa bandeji, ngati ndingamve polumikizira.

Aphunzitsi atuluka mawa, kufiira kwatha. Anabwera kudzakhala m'mphepete mwa bedi langa, mkono atauyangata. Anamva zonse dzulo, sanabise. Sanandinene. Anangoti nthawi yawo kunalibe choti awafunse, anadzuka n'kupeza zatha. Anandilangiza kuti ndisamadikire kuona ndi maso, umayamba ndi kulemera ngati wagonera. Ndinawafunsa ngati anesi anawauza kuti agone moyang'anizana nane. Anadabwa, anati bedi limenelo anapempha okha chifukwa lili pafupi ndi sinki.

Lachinayi, 16 Meyi

Kachubu achotsa. Kanapweteka kanthawi kochepa. Zala zakwera khoma kupitirira mutu pang'ono.

Dokotala wamtali uja ndamuona. Anabwera kudzaona mayi wina wa kumapeto kwa wodi, amene analowa fiyeta pambuyo panga tsiku lomwe lija. Anamugwira mkono mosamala, akuseka naye. Potuluka ndinamuitana, poti bedi langa palibe amalilambalala. Ndinamufunsa mochenjera, ndinati ndimafuna kuthokoza pa ntchito yomwe anandigwira. Anayang'ana dzina pabedi, anaganiza pang'ono.

"Pepani mayi, inu sindinakugwireni. Ndinu aja ndinadikira panja."

Ananena mwaulemu, anandifunira kuchira, n'kumapita. Nkhope yake inalibe chobisa chilichonse, ndinaifufuza bwinobwino.

Ndalira chotembenukira kukhoma. A Wailesi anaganiza kuti ndikulira bere, ndipo anandiuza za sitolo yomwe amagulitsa makamisolo okhala ndi thumba. Ndinawasiya aganize choncho.

Lachisanu, 17 Meyi

Anditulutsa. Mankhwala: opha ululu, ndi owonjezera magazi. Kiliniki sabata ya mawa, zowotcha adzandiuza komweko. Mayi wa tepi wayeza m'mawa pa timadontho take. Akuti mikono yonse ili mmene inalili, wamanja wangokula pang'ono paphewa chifukwa cha bala, n'zoyembekezeka. Ndinamufunsa kawiri, anandionetsa tepi.

Mng'ono wanga wabwera ndi nkhani za ku saluni. Kasitomala wanga wakale, amene mwana wake akukwatiwa mu Okutobala, akufunsa ngati ndidzakhale nditayamba, akufuna timalukidwe tating'ono tija timatha tsiku lathunthu, ndipo akuti dzanja la wina salifuna. Ndisanatsegule pakamwa abambo anayankha kuti auzidwe abwere, mkonowo ndi wabwinobwino, palibe anauseweretsa. Anatsanzikana ndi a Wailesi ngati abale, n'kunyamula chikwama kupita kukayang'ana galimoto.

Ndinatseka katani kuti ndivale. Mng'ono wanga wandibweretsera bulauzi yanga yobiriwira, ya mabatani kutsogolo, yomwe ndimaikonda. Ndinalowetsa mkono wamanja kaye monga anandiphunzitsira. Pamwamba pa chigongono inandigwira.

Ndinamufunsa ngati bulauzi imeneyi inkathina chikhalire. Anati sakudziwa, mwina inabwerera pochapa. Ndinati anaichapa ndi madzi otentha? Anati sakukumbuka, akulu, tiyeni alamu akudikira. Ndinalowetsa wamanzere. Nawonso ukugwira, koma sindikudziwa ngati ukugwira mofanana. Ndinamuuza atsine nsalu mbali zonse ziwiri, anatsina n'kunena kuti n'chimodzimodzi. Ananena msanga, maso ali kukhomo.

Ndamuuza atsogole. Ndavula, ndavalanso, ndayamba ndi wamanzere ulendo uno. Nesi wasuzumira kufunsa ngati bedi lamasuka, pali wina akulidikira. Ndati andipatse kanthawi, ndikuvala.